Nyimbo Zimene Mwamuna Wanga Anafufuta

1

Ndine Peggy wa ku Mnkhanya. Ngati munadutsapo pamsika wathu mukundidziwa: mayi wamfupi uja wa m'kanyumba ka malata kokhala ndi sola padenga, amene amaikira anthu nyimbo m'mafoni. Nkhani yangayi kwathu aliyense amaifotokoza mmene akufunira, koma mwiniwakene palibe anandifunsapo. Ndinkaopa kuti mwamuna wanga akundithawa, ndipo mantha amenewo ndi amene anandifikitsa pamene ndili lero.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, poti ndi imene inandipatsa maso.

Kuno netiweki ndi yamwayi. Kuti ndikoke nyimbo pa intaneti ndimakwera pachulu cha kuseri kwa msika, foni m'mwamba, dzuwa likundiwotcha pamutu. Choncho palibe chimandipweteka ngati kuvutikira nyimbo imene munthu anaikana kale. Anzanga a ntchito yomweyi amangokhuthulira chilichonse m'memori khadi, kasitomala akafika kunyumba n'kupeza zomwe anafufuta mwezi watha zabwereranso ngati nsikidzi. Ine sinditero. Pa laputopu yanga munthu aliyense ali ndi foda yake. Akabwera ndi khadi, ndimaona zimene wafufuta, kenako m'foda yakeyo ndimachotsa nyimboyo n'kusiya dzina lokha, m'kati mopanda kanthu. Tsiku lina ndikafuna kumuikiranso nyimbo yomweyo mosadziwa, kompyuta imandikaniza, imati ilipo kale. Maina opanda kanthuwo ndimawatcha makoko, ngati a mtedza.

Makoko angawo ndinkawanyadira. Ndinkadziwa mkulu wampingo amene anafufuta nyimbo za m'buku n'kusiya rumba yokhayokha. Ndinkadziwa mtsikana amene chibwenzi chamuthera iye asanauze amayi ake. Ndinkadzitama kuti palibe angandibisire kanthu bola khadi lake lidutse m'manja mwanga.

Mwamuna wanga Maybin anali sikauti, mmodzi wa anthu olondera nyama kuthengo ndi kuthamangitsa njovu m'minda. Iyeyo amati anandimva asanandione. Ankadutsa panjinga pafupi ndi tchalitchi chathu kwaya ikuyeserera, ine ndikutsogolera, ndipo akuti mawu anga anamugwirira buleki. Nkhani imeneyi ankaifotokozera aliyense, ngakhale amene anaimva kale, ine n'kumanamizira kuti yanditopetsa.

Akamapita ku kampu yawo ya cha ku Malama ndinkamudzazira khadi kuti azimvera akamapuma. Pamwamba pa zonse ndinkaika nyimbo ya kwaya yathu imene tinajambula ndi foni. Imayamba ndi mawu anga okha kwa kanthawi ndithu, ng'oma ndi mabesi, amuna a mawu a pansi aja, n'kulowa pambuyo.

2

Chaka chatha, chimanga chitakololedwa, khadi la Maybin linayamba kubwera lopepuka. Poyamba sindinasamale. Munthu amatopa ndi nyimbo, ndiye ndinkangopanga makoko n'kumuikira zina. Koma tsiku lina ndikuyang'ana zimene zasowa, ndinapeza kuti nyimbo yanga palibe.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akumata tayala la njinga, atandifulatira. Kwathu mwamuna sitimutchula dzina, timamuitanira pa mwana, ndipo wathu ndi Charity.

"Awisi Charity, nyimbo yanga yapita kuti?"

Zii. Anapitiriza kupala chubu ngati ndine nkhuku yodutsa. Ndinazungulira n'kukaima kutsogolo kwake.

"Ndati nyimbo yanga yapita kuti?"

Anadzidzimuka, n'kundiyang'ana. "Inawonongeka. Imangomveka ng'oma chabe."

"Nanga zinazi?"

"Nazonso. Makhadi a masiku ano ndi a feki, anyina Charity."

Ndinaiyatsa pa laputopu, inalira bwinobwino. Komabe ndinamugulira khadi latsopano kuti ndisamangidwe mlandu. Linapita kuthengo lodzaza, linabwera lopepuka.

Kunyumba nako zinthu zinasintha. Ndikamuyankhula ndili kukhitchini sankayankha. Ndikamuimbira foni ali ku kampu ankangoti, "Eya, eya, netiweki yavuta, tidzakamba," n'kudula. Chinandilasa mtima kwambiri n'cha Charity. Mwana anamuthamangira pageti akukuwa kuti "Atate! Atate!" koma iye anangopitiriza kumasula katundu panjinga mpaka mwanayo anamugwira buluku. Pomwe akabwera amuna anzake, munthu yemweyo ankacheza n'kumaseka chikhakhali mpaka agalu kuuwa. Ndinaona kuti watopa nafe, ine ndi mwana wanga.

3

Amene ananditsina khutu ndi Magdalene, mkazi wa sikauti mnzake. Anabwera kudzaikitsa nyimbo, koma ndinaona pakukhala kwake kuti nyimbo ndi chonamizira.

"Mwaswera bwanji, anyina Charity?"

"Taswera, kaya inu?"

"Ife taswera. Manje Purity mumamudziwa?"

Ndinkamudziwa. Mtsikana wamtali, wosakwatiwa, mmodzi wa akazi ochepa amene analowa usikauti.

"Ine si wa mabodza," anatero Magdalene, amene msika wonse umadziwa kuti ndi wa mabodza. "Koma amuna anga akuti awisi Charity anachita kupempha okha kuti aziyenda gulu limodzi ndi Purity. Akamayenda pamzere kuthengo sasiyana. Ndiye ati mtsikanayo kangachepe kokha wawagwira pachigongono, kangachepe wawagwira."

Ndinaseka kuti asaone kuti zandilasa.

Pasanapite nthawi ndinadzionera ndekha. Purity anabwera kwathu kudzanena za ulendo wawo wotsatira. Anaima kutsogolo kwa Maybin, pafupi kuposa mmene mlendo amaimira, akuyankhula pang'onopang'ono. Ndipo mwamuna wanga, ine ndili pomwepo ndi mbale m'manja, anali kumuyang'ana pakamwa osaphethira.

M'mawa mwake ndinatsegula foda ya Maybin n'kuwerenga makoko onse, limodzilimodzi. Apa m'pamene mutu unandiima. Nyimbo zonse zimene anafufuta zinali zoimba akazi. Za kutchalitchi, za paukwati, za ku Malawi, zonse. Za amuna sanakhudzepo ngakhale imodzi. Ine katswiri wa makoko ndinamasulira msanga: munthu uyu ali ndi mawu a mkazi mmodzi m'mutu, ndipo sakufuna ena amusokoneze, ngakhale a mkazi wake.

Ndinachita chimene sindinachitepo kwa kasitomala aliyense. Ndinachotsa khoko la nyimbo yanga n'kuibwezera m'khadi mwake, pamwamba penipeni. Ndinati mwina dzanja linangoterereka. Atabwerako kuthengo ndinalowetsa khadi mu laputopu, ndipo nyimboyo munalibe. Ndinalira kuseri kwa laputopu tsiku lonse, makasitomala ndikuwauza kuti ndi chimfine.

4

Ndinapita kwa a Paskale. Iwowa ndi amalume ake a Maybin komanso nkhoswe ya banja lathu, ndipo pantchito ndi amene amatsogolera gulu lawo kuthengo. Ndisaname, ndinawasankha dala. Ndinkafuna munthu woti akhoza kudzudzula onse awiri, mwamuna ndi mtsikanayo.

"Za m'nyumba tikambire m'nyumba, anyina Charity," anandilangiza. "Inu, iye ndi ine. Basi."

Ndinakana. Ndinati Purity abwere, azakhali anga abwere, ndipo amene andiseka pamsika amve okha. Pamapeto pake anavomera.

Tinakumana Lamulungu masana titaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa msikizi kwa a Paskale. Amuna anakhala pamipando, ife akazi pamphasa chapatali pang'ono. Anthu osaitanidwa anadzaza m'mbali mwa mpanda, ndipo sindinawathamangitse. Purity anabwera atavala chitenje m'malo mwa yunifolomu, ndipo zinandinyansa kuti chinamukhala bwino.

Ndinayankhula zonse, za foni yodulidwa, za mwana wosayankhidwa, za chigongono. Maybin ankandiyang'anitsitsa pakamwa, ine n'kutembenukira kumbali kuti asandione nkhope. Purity anangowerama.

"Akuti nyimbo yanga inawonongeka," ndinatero pomaliza. "Ndabwera nayo kuti tonse timve kuwonongekako."

Ndinatsegula laputopu pamphasa n'kudina. Mawu anga anatuluka m'kasipika kake kaja, oyera bwino, akukwera mmene ndimakwerera ndikakhala kuti ndadya. Azakhali anayamba kung'ung'udza motsatira. Ndinayang'ana Maybin kuti ndione manyazi akumugwira. Iye anali atakhala phee pampando, manja pamaondo, maso pa laputopu, akudikira.

Ndime yoyamba inatha. Yachiwiri inayamba.

"Anyina Charity," anatero mofatsa, "ngati mufuna tiimve, iyatseni. Anthu akudikira."

Wina kumpanda anaseka poganiza kuti ndi mwano, koma kusekako kunathera panjira. Pabwalo ponse panali zii, kupatula mawu anga aja akuimbabe. Kenako ng'oma zinalowa. Maybin anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Eya, ndi imeneyo." Atatero anayang'ana nkhope zathu, imodzi ndi imodzi, ndipo ndinaona akuzindikira chimene wachita.

"Amayi, zimitsani," anatero Purity. "Chonde zimitsani."

Anakwawa ndi maondo mpaka pamapazi a a Paskale, misozi ili mbwe.

"Sakumva, abwana. Mawu aang'ono sawamva, a akazi, a ana, a mbalame. Zinayamba tikuthamangitsa njovu m'minda ku Nsefu, mfuti ya mnzathu inalira pafupi ndi mutu wawo. Timbalame tija timalira njati zikakhala pafupi, iwo satimva. Tsiku lina akanalowa pakati pa njati, ndinachita kuwakoka malaya. Anandipempha kuti ndisanene, ati ntchito ikatha banja liona chiyani. Ndiye ndikamva kanthu kuthengo ndimawagwira pachigongono, iwo n'kuima. Palibe china, abwana. Ndikulumbira."

A Paskale ali ndi mawu aakulu, a pansi. Atafunsa kuti, "Ndi zoona, mphwanga?" Maybin anamva.

"Ndi zoona, amalume."

Mkuluyo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anatembenukira kwa ine.

"Anyina Charity, munandiitana ngati nkhoswe. Koma ndine yemweyo ndimalowa ndi ana awa m'thengo, ndipo zimene ndamva pano sindingazibweze. Munthu wosamva njati sindingamupatse mfuti."

Ndinagwada. Ndinawagwira miyendo. Ndinati tingokhala ngati sitinamve, Purity apitirize kumugwira pachigongono, ine ndipepesa kwa aliyense. A Paskale anangoloza ndi chibwano kumpanda kuja, kumene kunadzaza anthu amene ine ndinafuna kuti amve okha.

5

Tinanyamuka kubwerera kunyumba, ine ndi Maybin. Titafika pamtsinje wouma ndinamudutsa n'kuima kutsogolo kwake kuti andione pakamwa.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayambira pati? Mnkhanya yense amadziwa chimene ndinakukwatirirani, mawu anuwo."

"Nanga kufufutako?"

Anayang'ana mchenga. "Ndinkaona dzina lanu pafoni, ndikutsegula, inu mulibemo. Ng'oma zokhazokha. Ndinkakhala ku kampu ngati ndili pamaliro anu. Mutaibwezeranso ndinati mwina makutu achira, ndinayesanso."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira, mwina ndikanapeza poyambira kupepesa.

Sabata yomweyo Maybin anakabweza mfuti ndi yunifolomu. Akuluakulu a kuntchito anadzudzula Purity chifukwa chobisa nkhani yoika anzake pangozi, n'kumusamutsira ku kampu yakutali. Ndinapita kukamupepesa n'kumupeza akumanga katundu. Mawu onse amene ndinakonza panjira anandithawa, ndinangoima pakhomo ngati mwana wotumidwa amene waiwala uthenga. Iye sanandinyoze ndipo sanandikhululukire. Anangoti, "Muziwayang'ana kumaso mukamakamba nawo. Osakuwa, kukuwa sikuthandiza." Kenako anapitiriza kupinda zovala.

Tinapita ku chipatala ku Chipata. Anamuika m'kachipinda, zomvera kumakutu, kabatani m'manja kuti azidina akamva kulira. Ine ndinali panja pa galasi pafupi ndi dokotala. Ndinkaona dokotalayo akukweza makina, akukwezanso, chala cha mwamuna wanga chili phee. Maybin ankandiyang'ana kudzera pagalasipo n'kumamwetulira kuti ndisade nkhawa, akudikira kulira kumene kunali kutadutsa kale.

Dokotala anati zimene zapita sizibwerera. Anati mwina vutoli linalipo kale m'kati, mfuti inangolifulumizitsa, ndipo sangalonjeze pamene lidzaimire. Anati kachipangizo ka m'khutu kangathandizeko, tidikire adzatiitana. Tikudikirabe.

6

Lero Maybin amakonza njinga pambali pa kanyumba kanga. Munda wathu wa chimanga amatilonderera achibale, chifukwa munthu wosamva njovu ikuthyola mapesi sangagone kumsasa. Galimoto ya masikauti ikamadutsa pamsika, anzake akumukweza manja, iye amawerama n'kumayang'ana sipoko mpaka fumbi litatha.

Anthu agawanika. Ena amati ndinamupulumutsa, akanafera kuthengo. Ena amati ndinamuvula pagulu n'kumuchotsetsa ntchito chifukwa cha nsanje. Onse akunena zoona, ndipo palibe mwa iwo amene amagona m'nyumba mwathu. Mwiniwake sananenepo kuti ali mbali iti, ndipo ine ndimaopa kufunsa.

Khadi lija amabwera nalobe. Amaliika patebulo panga ngati kasitomala wina aliyense, n'kubwerera ku njinga zake. Kuyambira mwezi wa mvula zoyamba, nyimbo za amuna nazonso zayamba kusowa. Zinayamba za anyamata oimba mokweza aja, kenako za magitala. Zimene zatsala ndi za ng'oma ndi mabesi. Pakamwa sanena kuti zikuipiraipira. Amandiuzira m'khadimo, ine n'kumapanga makoko, chifukwa palibe china chimene ndingachite ndi manja angawa.

Lamulungu amakhala pabenchi yakutsogolo, moyang'anizana ndi kwaya. Alendo amati taonani bambo uyo mmene amakondera mkazi wake, sachotsa maso. Ine ndimatsegula pakamwa kwambiri kuposa kale, mpaka anzanga a m'kwaya amandiseka. Sindidziwa kuti chimamufika n'chiyani.

Inu owerenga, makamaka akazi anzanga amene mumadikira mwamuna apite kosamba kuti mugwire foni yake, ndilibe malangizo anzeru oti ndikupatseni. Ine sindinaname pa chilichonse chimene ndinanena pansi pa msikizi paja. Dzina lililonse ndinaliwerenga molondola, chigongono chinagwidwadi, mwana sanayankhidwedi. Chimene sindinachite n'chaching'ono: kutseka chitseko, kukhala kutsogolo kwa munthu wanga, n'kumufunsa kuti chikukuvutani n'chiyani. Ndinamufunsa za nyimbo yanga yokha. Mwina akanakana kunena, mwina ntchito ikanathabe, koma akanaitula yekha ngati mwamuna, osati pamaso pa msika wonse, mkazi wake akumuimbira nyimbo imene sakuimva.

Purity sanandilande mwamuna, njati nazo sizinamutenge. Akuchoka pang'onopang'ono ali pompano, pamtunda woti ndikhoza kumugwira ndi dzanja, ndipo palibe nkhoswe imene ndingakamusumire.

Dzulo wabweranso nalo khadi lija. Lili pano pambali pa laputopu pamene ndikulemba izi. Sindinalilowetse.